Magiya Amene Ndinakonzera Munthu Wina

Mpaka lero ndikamva dalaivala akuliza magiya, mtima wanga umawira. Sikuti ndimakwiyira dalaivalayo ayi. Ndimakwiyira mlangizi wina wa zaulimi, wonyada ndi wosamva, amene ankakhala pa Kamwendo masiku a chipani chimodzi. Mlangizi ameneyo ndinali ine.

Ndinali ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, ka denga la lona, kotsika ngati kakufuna kunyambita msewu. Ndinakagula kwa mzungu wina wa pa esiteti ya fodya pamene ankabwerera kwawo. Pa misewu yathu yafumbi kanali kopanda nzeru: ukangoika thumba limodzi la chimanga kumbuyo, mimba yake yayamba kale kukwekwesa pansi. Koma ine ndinkafa nako. Ndinali mlendo m'bomalo, wochita kutumizidwa ndi ntchito, wopanda munda kapena mbale, ndipo chinthu chokhacho chimene ndinkati n'changa chinali kagalimoto kameneka.

Matenda ake anali magiya. Pansi pa galimoto pankadutsa titsulo tiwiri tatitali tolumikiza ndodo ya giya ndi giyabokosi. M'mfundo za titsuloti munali timabushi, timphete toletsa mfundozo kugwedera, ndipo tonse tinali titadyeka. Ndodo inkangogwedera ngati dzino la nkhalamba. Pofuna giya yachiwiri unkayenera kuikankhira kumanzere, kuibweza pang'ono, kudikira injini ipume, kenako kuigwetsa msanga. Ukaphonya, kankalira mpaka agalu a pamsika kuyamba kuuwa. Wodziwa kunyengerera magiya amenewo ndinali ine ndekha.

Masiku amenewo galimoto ya munthu sinali yake. Kukakhala msonkhano, a tcheya a chipani a dera lathu ankangofika pakhomo n'kunena kuti adzabwereka, ndipo kukana kunali kudziputira mavuto. Lole ya wamalonda wina inkatha sabata yathunthu ikututa amayi ovina, mafuta akuthira mwini wake. A tcheyawa, bambo wamimba yawo wovala suti ngakhale dzuwa liswe mtengo, anafikanso kwa ine. Anadzipanikiza pampando n'kulimbana ndi ndodo ija mpaka thukuta kamukamu, galimoto osasuntha. Anthu amene anaima pamsewu anayamba kutsokomola pobisa kuseka. A tcheya anatuluka nkhope itafiira.

"Alangizi, iyi si galimoto, ndi chigayo. Khalani nachoni chigayo chanucho."

Ndinakhala nako zaka ziwiri mwamtendere. Munthu wanzeru akadathokoza Mulungu n'kukhala chete. Koma mawu akuti chigayo anandikhala pamtima, makamaka anzanga a ku ofesi atayamba kundifunsa m'mawa uliwonse ngati ndagaya kale.

Kuseri kwa masitolo kunali makaniko wina amene anabwerako ku migodi ya ku Zambia ndi bokosi la masipanala ndi pakamwa posatseka. Anagona pansi pa galimoto, n'kugwedeza titsulo tija, n'kuseka.

"Bwana, giyabokosi yanu ili bwinobwino. Vuto ndi mabushi basi. M'sitolo simungawapeze, koma ndipezereni mpopi wakale wamkuwa, ndikusemerani."

Nditamuuza mkazi wanga, anasiya kusita n'kundiyang'ana.

"Bambo, kodi simukuona chimene chikukusungirani galimotoyi? Isiyeni idwale choncho."

"Mayi, zachitsulo tisiyireni amuna," ndinayankha motero. Ndikawakumbukira mawu amenewa ndimafuna kudzimenya mbama.

Ntchito inatitengera Loweruka katatu. Tinakweza galimoto pazipika za mtengo n'kumasula titsulo tonse tiwiri. Kamodzi kanali kopindika, tinakawongola pachidutswa cha njanji. Makina osemera zitsulo panalibe, ndiye makaniko uja anadula mpopi ndi sowo, n'kumapala chidutswa chilichonse ndi tupa, kuyesa, kupalanso, mpaka chikalowa pamalo pake mothina. Mapini akale tinataya, tinaika mabawuti atsopano. Chovuta kwambiri chinali kutchera utali wa titsulo tija. Ine ndili pampando ndagwira ndodo, iye ali pansi akupotokola nati pang'onopang'ono, akufuula, "Nanga pano?" Tinatero mpaka ndodo inaima chilili pakati penipeni. Pomaliza anapaka girizi n'kundiuza kuti ndikayese.

Ndinalowera msewu wa ku boma. Wani, thu, fili, folo, ndi zala ziwiri zokha, popanda kaphokoso n'komwe. Ndinafuula ndekhandekha m'galimoto ngati wamisala. Sindinama, tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri.

Tsiku la msika ndinadutsa pa Kamwendo kanayi popanda kumene ndikupita, kuti anthu amve okha kuti chigayo chasiya kulira. Makaniko naye anali pa ntchito yake yolalikira. Aliyense wobwera kudzamatitsa tayala la njinga ankauzidwa kuti galimoto ya alangizi tsopano ngakhale munthu wosadziwa chiwongolero angayendetse. Sipanathe masiku atatu, ndinamva odi pakhomo. Anali a tcheya.

"Alangizi, ndamva kuti wodwala uja wachira. Tabwera kudzazonda."

Anakhala pampando, n'kuponda kalachi, ndodo n'kungolowa yokha. Ndinaona kumwetulira kukutambasuka pankhope pawo.

"Tibwereke kaye. Kuli ntchito ya chipani ku boma, mawa ibwera."

Mawa linasanduka sabata, sabata mwezi. Ndinkaiona ikudutsa ine ndili panjinga ya ofesi, nkhuku zomangidwa miyendo zili pampando umene ankakhalapo mkazi wanga. A tcheya ankandiimbira hutala, ine n'kumakweza dzanja. Galimoto yanga, mabushi anga, thukuta langa, koma wopereka moni ine! Mkazi wanga sananene kuti ndinakuuzani. Bola akadanena, tikadakangana, mkwiyo ukadapeza potulukira.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita kwa a tcheya. Anandilandira bwino, mpando anandipatsa. Nditangoyamba kutchula za galimoto anandidula.

"Kodi alangizi, paja kwanu n'kuti? Si inu a kuno, eti? Pali anthu akhala akundifunsa kuti kagalimoto kothamanga chonchi, munthu wokhala pafupi ndi malire, amafuna azithawira nako kuti, kapena azikakumana ndi ndani kutsidyako. Ine ndimawauza kuti ayi, alangizi ndi munthu wathu. Kodi ndimalakwitsa?"

"Simulakwitsa, bwana."

Tonse tinkadziwa kumene ankapita anthu onenedwa kuti akukumana ndi zigawenga, ndiponso kuti ambiri sankabwerako. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja.

Patapita milungu iwiri kunali msonkhano pabwalo la mpira. Tonse ogwira ntchito m'boma tinakhala pamabenchi kutsogolo. Kagalimoto kanga kanaima pambali pa nsanja katatsukidwa, kakunyezimira. A tcheya atatha kudzudzula osagula makhadi a chipani, anatembenukira kumene ndinakhala.

"Pakati pathu pali munthu wokonda dziko lake. Alangizi athu, popanda wowakakamiza, apereka galimoto yawo ngati mphatso kuti izithandiza ntchito za chipani. Alangizi, taimirirani anthu akuoneni!"

Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Ndinaimirira. Ndinamwetulira mano onse pamtunda, ndipo anthu atayamba kuwomba m'manja, inenso ndinawomba nawo. Mkazi wanga anali ataweramitsa mutu, akuyang'ana zala zake.

Msonkhano utatha a tcheya anandikodola, n'kundigwira paphewa ngati mnzawo wapamtima.

"Mawa mubweretse bulubuku ya galimotoyi, tisinthe dzina la mwini wake."

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka kwawo. Bulubukuyo ndinaipereka ndi manja awiri nditawerama, ndipo amene anati zikomo ndinali ine.