Ndowa ya Lachiwiri Madzulo

Pa fakitale yaing'ono ya majumbo onse ankawatcha Anasefa, chifukwa ntchito yawo inali ya sefa. Ankasefa ufa wa chinangwa, kuuumitsa mu uvuni, kuuyeza pa sikelo, kenako kuusakaniza ndi giliselini. Zimenezo ndizo zinalembedwa pa kalata yawo ya ntchito. Koma zochapa maepuloni a anzawo kunyumba Loweruka, kutsuka makapu a tiyi, ndi kukwirira zidutswa za majumbo m'zitini za maluwa pakhonde pawo kuti aone tsiku limene ziwole, palibe amene anawatuma, palibenso amene ankaziona.

Majumbowo anali a mtundu wowola ukawataya m'dothi. Vuto linali loti ufa ndi timibulu ta pulasitiki yowolayo sizinkamvana. Zikasungunuka pamodzi m'makina, pepala linkatuluka lokongola, koma ukaliyang'ana padzuwa unkaona timadontho toyera ta ufa, ndipo jumbo linkang'ambikira pomwepo.

"Ukwati wokakamiza uwu," ankatero Akumakina, bambo wamawu aakulu amene ankayendetsa makinawo.

Injiniya, mayi wamagalasi wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono, ankathirako mankhwala amene ankawatcha mkhalapakati, oti agwire ufa dzanja lino, pulasitiki dzanja linalo. Sizinkathandiza kwenikweni. Mwini fakitale anali atanena kale kuti mwezi ukatha jumbo lisanathe kunyamula makilogalamu asanu, chipinda chawo cha majumbo owolawo atseka, atatu onsewo azipita kwawo.

Lachinayi lina m'mawa Injiniya anatulukira akuthamanga, magalasi ali pamphumi.

"Amayi! Akumakina! Siyani zimenezo, bwerani!"

M'chipinda choyesera munali makina okoka kachidutswa ka jumbo mpaka kaduke. Masiku ambiri kankangoti thaa, basi. Tsikulo kanatamuka, kanatamukabe, ngati chingamu cha mwana.

"Iii, achemwali, mukuonatu?" anakuwa Akumakina. Anatola jumbo lathunthu n'kuyamba kuponyamo mabawuti. Makilogalamu asanu. Asanu ndi awiri. Analinyamula m'mwamba n'kuvina nalo mozungulira tebulo, mimba ikugwedezeka.

"Ili ndi la dzulo," anatero Injiniya akutsegula buku lawo. "Ndabwerera m'mbuyo milungu itatu. Olimbako onse ndi a Lachitatu. Moto ndi womwewo, muyezo womwewo. Lachitatu timachita chiyani ife?"

"Ine Lachitatu ndimameta ndevu, Madamu."

"Musandiseketse, mtima uli m'mwamba!"

Anasefa sanaseke. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, chifukwa iwo yankho ankalidziwa.

Lachitatu lililonse m'mawa ankaperekeza apongozi awo kuchipatala kokawongola mwendo. Ana a apongoziwo analipo anayi, koma wodziwa kuwakweza basi osawapweteka anali Anasefa okha. Pofuna kuti makina asadikire, Lachiwiri poweruka ankasakaniziratu ufa ndi giliselini, kuvundikira ndowa, n'kuibisa kuseri kwa matumba. M'mawa ankangouza Akumakina pa foni pamene ili. Koma pepala la malamulo pakhoma linkanena mosabisa: sakanizani nthawi yomweyo yothira m'makina. Mnzawo amene ankagwira ntchitoyi iwo asanabwere anachotsedwa chifukwa chosintha ndondomeko mwa yekha.

Akumakina anasiya kuvina. Anawayang'ana Anasefa, n'kuyang'ana kudenga, n'kuyamba kuimba likhweru.

Kukhala chete, chipinda chitsekedwa. Kulankhula, mwina achotsedwa ntchito iwo okha. Anasefa anapukuta manja pa epuloni.

"Madamu, ndili ndi mlandu."

Anafotokoza zonse, mawu ali pansipansi. Injiniya anawayandikira n'kufunsa:

"Ufa umagona ndi giliselini usiku wonse?"

"Eya, Madamu. Pepani."

"Maola angati?"

"Kuyambira faifi madzulo mpaka eyiti."

"M'mawa mwake umaoneka bwanji?"

"Umakhala wofewa. Ukaufinya m'manja sumwazika, umagwirana."

Injiniya anamenya tebulo mpaka mabawuti anadumpha. "Ndi zimenezo! Giliselini amafuna nthawi kuti alowe mkati mwa ufa! Ufa ukafewa umasungunuka bwino, n'kufalikira monsemo, ndiye mkhalapakati amapeza pogwira. Ine miyezi yonseyi ndakhala ndikuthira ufa wouma mtima! Amayi inu, mukupepesa chiyani?"

"Nanga lamulo lija?"

"Analemba ndani lamulolo? Si ine? Ndinalikopera m'buku!" Anatuluka n'kukamatula pepala lija pakhoma, n'kubwera nalo likupendeka m'manja.

"Ine ndinkadziwa," anatero Akumakina, "koma ndimasunga chinsinsi cha achemwali anga."

"Mumadziwa chiyani inu, a ndevu?" anatero Injiniya.

Kuyambira madzulo a tsikulo anasakaniza ndowa zitatu kuti aone nthawi yoyenera: ya maola anayi, ya khumi, ndi ya usiku wonse. Injiniya anagwira cholembera, Anasefa ndiwo ankanena. Anawauza kuti giliselini amathira katatu, pang'onopang'ono, osati kukhuthula. Kuti potakasa amayambira pansi. Kuti chivundikiro chimafuna nsalu pakamwa, apo ayi ufa umakoka chinyezi ndipo pepala limatuluka ndi matuza. Injiniya atafuna kutseka ndowa yachitatu, Anasefa anawagwira dzanja.

"Ayi, Madamu, simunatakase m'mbali."

Lolemba mwini fakitale anabwera yekha. Anathira mabawuti makilogalamu asanu ndi atatu m'jumbo la ndowa ya usiku wonse, n'kuyenda nalo mpaka pageti ndi kubwerako. Analiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, n'kufunsa kuti makina angatulutse angati pa tsiku. Za kutseka sanazitchulenso.

Poweruka Anasefa anatenga jumbo limodzi, anagulamo tomato, anyezi ndi botolo la mafuta, n'kumaliyendetsa uku ndi uku mwadala njira yonse. Apongozi awo anawaonera patali ali pampando wawo pakhonde.

"Kodi inu, mwatani lero? Muphwanya botolo!"

"Siling'ambika ili, amayi," anatero Anasefa, n'kulizunguza kamodzi pamwamba pa mutu.