Achemwali Anapita Nako Kachitsulo Kawo

Ndinadzuka kusanache, phazi la mayi wina lili pamsana panga. Amayi tinagona pakapeti mothithikana ngati matemba, abambo anagona kunyumba ya mnansi. Ku Silver Spring, kuno ku America, kulibe bwalo losonkhapo moto wa maliro. Mpunga tinaphikira m'mapoto amagetsi, ndipo anyezi atangopserera pang'ono belu la utsi linalira mpaka wokhala pamwamba pathu anayamba kuponda pansi mwaukali.

Achemwali anga a Mariamu anali atamwalira dzulo lake, Lachinayi. Inali khansa ya muubongo, ija yoti akaichotsa lero mawa yaphukanso. Pa opareshoni yachiwiri madokotala a kafukufuku anawaika timawaya pomwe panali chotupacho, ndi kachitsulo konga ndalama kuseri kwa khutu, pansi pa khungu. Kankatumiza magetsi ochepa osokoneza khansayo kuti isamafalikire. Sanatinamize, anati n'zoyesa chabe. Madzulo alionse ndinkawaveka kachisoti kotchajira, iwo n'kumaseka kuti asanduka foni.

Anandipempha chinthu chimodzi chokha. Tsiku lina ndikuwameta anandigwira dzanja. "Ndikadzapita, akachotse kachitsuloka, aone pomwe kanalephera. Mutu wangawu usavutike pachabe, wamva?" Ndinavomera.

Achipatala anaimba foni thupi lisanazizire n'komwe. Anapepesa mwaulemu, kenaka n'kufunsa za kachitsulo kawo. Zinandinyansa, sindibisa, komabe n'zimene achemwali ankafuna. Anati maliro angachedwe ndi tsiku limodzi, ndipo wovomereza ayenera kukhala mwamuna wawo. Alamu anati aganize kaye.

Kutangocha anthu anayamba kufika, majasi ali chipale chofewa chokhachokha, nsapato mulu pakhomo. Ndinaona nkhope zimene chaka chonse cha matenda sizinabweretseko ngakhale botolo la madzi. Ndi omwewo anakhala pamipando yabwino. Abambo anasonkhana m'chipinda chochezera, foni ili patebulo, amalume akulankhula ali ku Mangochi. Bambo wina wamkanjo wosita bwino anati Msilamu sachedwetsedwa ndipo sang'ambidwa. Shehe anayankha motsitsa kuti mawu a womwalira ali ndi kulemera kwake, ndiponso kuti chothandiza amoyo ena sichikanizidwa chisawawa. Palibe anawamvera.

Ndinaima pakhomo n'kunena zimene achemwali anandiuza. 

"Ameneyo ndani akulankhula pakati pa abambo?" anatero amalume. "Mwana wa mlongo wanga si mbuzi yoti azungu aziphunzirirapo mpeni. Aikidwe lero."

Amalume amenewa anaonana ndi achemwali komaliza ine ndisanakwatiwe. Sanamvepo fungo la bala lija. Ndinayang'ana alamu, poti pempholi ankalidziwa. Alamu ndi munthu wabwino, koma ubwino wawo ndi wa madzi, amalowera komwe kwatsetsereka. Anayang'ana pansi n'kunena kuti akuluakulu anena kale. Ndinafuna kuwakumbutsa onsewo kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mayi wina anandikoka chitenje.

Tinakawasambitsa kumzikiti, amayi atatu. Potsuka mutu chala changa chinakagunda kachitsulo kaja, kolimba, kali pomwe kanali. Ndinapepesa chamumtima. Tinawakulunga sanda, ndipo mfundo yakumutu ndinamanga ndekha.

Itatha swala, pemphero la Lachisanu, tinanyamuka, magalimoto ali mndandanda, nyali zikuphethira. Oyendetsa ena mumsewu ankatidula pakati, akuthamangira zawo. Kumanda nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira, dzenje anakumba ndi makina. Amayi tinatsala m'magalimoto monga mwa mwambo. Ndinapukuta galasi ndi mpango n'kumaona misana ya abambo itanyamula jeneza, chithatha cha maliro, ena akupondaponda chifukwa cha chisanu, wina akusuzumira wotchi.

Pageti panaima dokotala wamkazi wa kafukufuku uja, maluwa ali m'manja. Palibe anamuuza kuti ife sitiika maluwa. Anabwera pawindo langa maso ali ofiira, ndipo sanafunse kanthu. Ndinamuuza ndekha kuti achemwali apita nako kachitsulo kaja. Anagwedeza mutu, maluwa aja anabwerera nawo.

Pofika madzulo nyumba inali zii. Odziwa malamulo aja anali atapita, atalongedza mpunga wotsala m'makontena. Ndinkapinda mphasa zopempherera pamene china chake chinayamba kulira kuchipinda kwa achemwali. Kanali kachisoti kaja, nthawi yake itakwana, kakufunafuna kachitsulo koti katchaje.

Alamu anatuluka nako m'manja, akukatembenuza uku ndi uku.

"Mlamu, kameneka timakazimitsa bwanji?"

Batani lake ndikulidziwa, lili kunsi kwa lamba.

"Imbirani amalume," ndinatero, n'kupitiriza kupinda mphasa.