Mgaiwa Umene Ndinaukana

Chinayamba ndi chikope. Mu Malichi chaka chatha chikope changa chakumanzere chinayamba kugwedera chokha, ine n'kumaseka kuti kukubwera alendo. Alendowo sanabwere. M'malo mwake minofu ya m'miyendo inayamba kukokana, zala kuchita dzanzi, ndipo ndikachokera kumjigo ndi ndowa imodzi yokha ndinkafika pakhomo ndili ndi befu ngati wothamangitsidwa ndi galu.

Ndimakhala ku Warren Park mu Harare, m'kanyumba ka kuseri, ndi mwana wanga Esinati komanso mdzukulu wanga Tino, yemwe nthawiyo anali asanayambe kuyenda. Esinati amasoka mayunifolomu pa fakitale ina ku Graniteside, mwamuna wake ali ku Joni. Choncho mwana amaswera ndi ine, ndipo ndinene poyera kuti kamwanako ndi kamene kamandidzutsa m'mawa ndi mtima wosangalala.

Mu Epulo ndinapita kukiliniki. Namwino anandiona m'maso ndi m'zikhatho, anandibaya chala, n'kunena kuti magazi ndi ochepa. Anandipatsa mapiritsi a ayironi. Ine ndi phuma langa ndinaganiza kuti mankhwala akachuluka kuchira kumafulumira, ndiye ndinawonjezera ena ogula kwa ogulitsa pamalo okwerera maminibasi, aja timati makombi. Mnzanga Mayi Jowakina, wa ku Tete, anandilangizanso chakumwa chofiira cha m'botolo chothira mkaka. Kwathu timakhulupirira kuti chofiira chilichonse chimasanduka magazi. Ndinamwa mpaka lilime kufiira, koma chimene ndinapindula n'kudzimbidwa basi.

Tsiku lina mu Meyi ndikukweza Tino kumsana, manja anauma gwa, zala kupindika. Mwana anapulumuka n'kugwera pa matiresi. Iye anaseka, ankayesa masewera. Ine sindinaseke, ndipo Esinati amene anaima pakhomo sanasekenso.

Nkhani inafika ku Mutoko kwa asewere anga, amayi a mkamwini wanga. Anatumiza uthenga waulemu kuti popeza ndikudwala, iwo adzabwera mu Ogasiti kudzatenga mwana kuti ine ndipumule. Sanalakwe, koma zinandiwawa kwambiri. Esinati anangoti, “Mhamha, mukapanda kuchira ine ndiwakaniza bwanji?” Mawa lake ndinabwerera kukiliniki osadikira kukakamizidwa, ndipo ananditumiza kuchipatala chachikulu.

Kumeneko munthu umaphunzira kudekha. Unali mwezi wa Juni, mabenchi ozizira, mzere umayenda pang'onopang'ono, wina akadzuka nonse mumasendera. Anandiyeza BP, ananditenga magazi m'timabotolo, anati ndibwerenso sabata yotsatira. Nditabwerera ndinakumana ndi dokotala wamkazi wamng'ono kuposa Esinati. Sanathamangire kulemba. Anafuna kudziwa mankhwala onse amene ndimamwa, ndi a BP omwe amene ndinayamba kale, kenaka anandifunsa zimene ndimadya kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Apa mpamene panagona nkhani. Ine ndinabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, makolo anga anachokera ku Dedza. Chakudya chimene ankatipatsa pa famu chinali mgaiwa, nyemba ndi kapenta, chaka ndi chaka. Titasamukira ku Harare ndinalumbira kuti zimenezo sizidzalowanso m'kamwa mwanga, ndipo ambiri a ife ochokera m'mafamu tinalumbira chimodzimodzi. Ndinkagula ufa woyera mbee wa m'sitolo, m'mawa buledi woyera ndi tiyi, masana tiyi. Ndinamufotokozera dokotalayo monyadira, ngati ndikumuonetsa chitenje chatsopano.

Iye anamwetulira n'kunena kuti, “Gogo, ayironi m'thupi mwanu alimo, wochuluka ndithu. Chasowa ndi mchere wina wotchedwa maginiziyamu.” Anafotokoza kuti mchere umenewu ukachepa, minofu imakokana, mtima umagunda mosakhazikika, ndipo timaselo tofiira ta magazi timafooka n'kumafa msanga. Ayironi ndiye amakangounjikana m'chiwindi m'malo mogwira ntchito. Zili ngati kututira njerwa zambiri pamalo pamene palibe simenti, mulu umakula koma khoma osakwera. Anawonjeza kuti mapiritsi anga a BP, aja okodzetsa, amatayitsanso mcherewu, ndipo ufa ukayeretsedwa kwambiri maginiziyamu amapita ndi gaga.

Anandiletsa ayironi wogula pamsewu nthawi yomweyo. Anandigoneka masiku ochepa n'kundiika diripi, anandisinthira mankhwala a BP, n'kundipatsa mapiritsi a maginiziyamu. Potuluka namwino wa zakudya anandiwerengera zoti ndizidya: mgaiwa, nyemba, mtedza, nthanga za maungu, nkhwani, bonongwe, ufa wa mawere, komanso kuti tiyi ndisamamwe pamodzi ndi chakudya. Ndinaseka mpaka misozi. Makombi onse aja, mabenchi onse aja, kuti andibwezere ku chakudya cha pa famu.

Tsiku loyamba kuphika mgaiwa ndinatseka chitseko kuti Mayi Jowakina asandione. Anamva fungo la nkhwani wotendera, anagogoda, ndipo amene anamaliza ndiwozo ndi iwo. Kukokana kunayamba kuchepa, kenaka dzanzi linatha. Kumapeto kwa Julayi anandiyezanso, anati magazi ayamba kukwera ngakhale sanafike penipeni.

Asewere anabweradi mu Ogasiti, ndi chikwama chonyamulira zovala za mwana. Anandipeza ndikuchokera kumjigo, ndowa pamutu, Tino kumsana akundikoka duku. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Tinadya, tinacheza, anagona masiku awiri, ndipo za ulendo wa mwana sanazitchule. Pokwera kombi anati, “Asewere, mwanayu ali pabwino, pitirizani kumulera.”

Lero ndili bwino. Ndimapita kukayezetsa pa nthawi yake, ndipo mankhwala ndimamwa okhawo amene andilembera. Kwa anzanga ndikuti, thupi likayamba kufooka kapena minofu kukokana, pitani kuchipatala msanga. Mukamwa mankhwala osaona kusintha, bwereraniko mukanene, musawonjezere nokha, ndipo muwauze zonse zimene mumamwa ndi kudya osachita manyazi. Safunsa anadya phula. Ine ndinachedwa miyezi iwiri, ndipo pang'onong'ono Tino akanayambira kuyenda ku Mutoko ine n'kungomva pa foni. Anayambira pakhomo panga, atagwira chala changa.