Njuchi Zakuda za a Mbola

Anthu ankawatchula a Mbola, kaamba ka lilime lawo komanso njuchi zawo. Kwa zaka makumi atatu mayiwa anaweta njuchi kuseri kwa nyumba, tinjuchi takuda, tating'ono, taukali ngati mwini wake. Mtunduwo anawasiyira ndi malemu amuna awo. Kukazizira tinkaunjikana n'kupirira, nyerere zikabwera tinkamenya nkhondo.

Ndiye kunabwera mkamwini. Munthu wosasiya foni m'manja uja anaitanitsa mafumukazi a njuchi zachikasu kuchokera kutali, m'timabokosi ngati ta machesi.

"Amayi, njuchi ndiye izi," anatero. "Zofatsa, uchi mbwee. Zanuzi n'zachikale."

Tsiku lomwelo a Mbola anamupeza atatsegula mng'oma, mfumukazi yakuda ili pakati pa zala. Mkamwiniyo anaifinya n'kupukutira pa buluku, m'malo mwake n'kuikamo yachikasu. Mayiwo analavula. Mayi wa mng'oma wonse, munthu n'kumupukuta ngati mamina! Ming'oma isanu ndi inayi inapita choncho, poti mwana wawo wamkazi anaikira mwamuna wake kumbuyo.

Pa mng'oma wakhumi a Mbola anaimirira nji.

"Uwu wokha musaukhudze, bambo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Anaukweza pa wilibala, n'kukauika kumapeto kwa mpanda, n'kuuzinga ndi waya, pachitseko loko. Mtundu wa amuna awo unatsala m'menemo basi. Akamadutsa pa zachikasuzo ankangotsonya. Zinkawanyansa ulesi: kudzuka dzuwa litakwera, kukazizira pang'ono n'kudetsa pakhomo pa mng'oma ngati nkhuku zodwala.

Koma njuchi sizikwatirana m'nyumba. Mfumukazi ya a Mbola itakalamba, mng'oma unalera ina, ndipo namwaliyo anauluka kukakumana ndi zamphongo mlengalenga, kumene kulibe waya kapena loko. Kumwambako kunali kutadzaza zamphongo za mkamwini.

Patapita miyezi iwiri, a Mbola anatsegula loko m'mawa wina n'kugwada pafupi ndi mng'oma. Panatuluka njuchi ya mizere yachikasu. Kenako ina, kenakonso ina. Mtima unawawawa. Anapinda malaya n'kuika dzanja pakhomo penipeni pa mng'omawo, kudikira ululu umene anauzolowera chikwatiwire.

Njuchizo zinangoyenda pa zala zawo mwaulemu, ndipo palibe ngakhale imodzi inawaluma.