Matayala a Bambo Haskett

Ndalakalaka kulemba pang'ono za a Wendell Haskett, amene tinakhala nawo moyandikana zaka makumi atatu kum'mwera kwa Arizona, pafupi ndi mpanda wa m'malire a dziko lathu ndi dziko la kum'mwera kwathu.

Ntchito yawo inali yokoka matayala. M'mawa uliwonse ankamangirira matayala akale asanu kumbuyo kwa galimoto n'kuyenda pang'onopang'ono mumsewu wamchenga wotsata mpandawo, kusalaza dothi kuti wodutsa aliyense asiye mapazi oonekera, alonda a m'malire amutsate. Fumbi linkafiira ndi dzuwa lotuluka, moti ine ndili pakhonde ndinkaona ngati galimotoyo ikuyandama pamtambo. Mpanda ankaukonda. Ankati, "Nyumba yopanda chitseko ndi msika."

Lachisanu lina anaona mapazi ang'onoang'ono olowera kum'mwera, ndi timabowo ta ndodo pambali pake, odutsa pakhwawa pamene madzi a mvula anakumba pansi pa mpanda. Anawazindikira. Anali a mayi Eufemia Barragán, mkazi wamasiye wa kutchalitchi kwathu, amene amuna awo, a Nicanor, anaikidwa tsidya linalo. Mayiwo analibe mapepala owaloleza kukhala m'dziko muno. Akanatulukira pachipata sakanaloledwa kubwerera kwa ana awo, ndipo a Haskett akanaulula, khwawalo likanatsekedwa ndi simenti.

A Haskett anakawapeza mayiwo akusesa pabwalo.

"Mayi, ndodo yanuyo imalongolola."

"Inu achimwene, ntchito yakutherani kuti muziwerenga mapazi a nkhalamba? Maluwa a pamanda a Nicanor azithirira ndani, inu?"

"Munthu ameneyo ankandibera pamakadi."

"Ndiye mubwezere kwa ine?"

A Haskett anabwerera kugalimoto yawo. Koma kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse mayi ankapita mbandakucha galimoto isanadutse, ndipo a Haskett ankakoka matayala kachiwiri dzuwa litapendeka, mayi atangobwerera. Mchenga unkatsala wosalala ngati sipanapondepo munthu chilengedwere. Zinatero zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pachisankho chilichonse a Haskett ankavoterabe olonjeza mpanda wautali.

Mayi Eufemia atamwalira, anawolotsedwa pachipata ndi chilolezo n'kugonekedwa pambali pa amuna awo. Lachisanu lotsatira ndinaona a Haskett akumasula matayala, akukweza chigubu cha madzi, pasipoti ili m'thumba la malaya.

"Kuti uku, anzanga?" ndinawafunsa.

"Wakuba pamakadi uja," anatero osandiyang'ana, "tsopano akundimweranso madzi."