Mawu amene ndinapotoza ku Kawale

Ndinafika ku Lilongwe ndili ndi zaka makumi awiri, nditanyamula sutikesi imodzi momwe munali malaya oyera asanu ndi mataye atatu amene amayi anandisankhira pa kaunjika kwathu ku Ndirande. Mpingo wathu umatuma anyamata awiriawiri kukalalikira kwa zaka ziwiri, ndipo ine anandiika ku Kawale pamodzi ndi mzungu wa ku Amereka, mnyamata wamtali amene anakulira pa famu ya ng'ombe. Sitinkaitanana mayina. Lamulo linali loti tizinena kuti Elda, kutanthauza mkulu wa mpingo, monga zinalembedwera pa kabaji kakuda kamene tinkavala pachifuwa. Anthu ankaseka nazo. Mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa tsiku lina kuti mkulu wa mpingo wopanda ndevu ndi imodzi yomwe ndinamuona kuti.

Tinkadzuka hafu sikisi. Tikapemphera, tinkalumpha chingwe pakhonde, n'kusamba, kenako maola awiri tili pa tebulo kuwerenga malemba ndi kukonzekera maphunziro. Cha m'ma teni tinkatuluka. Ntchito yeniyeni inali kuyenda: Kawale yense, kutsikira ku Biwi, nthawi zina mpaka ku Mchesi, kugogoda pa mageti a malata ndi kupereka moni kwa aliyense wokhala pa khonde. Nthawi ya fumbi kolala inkafiira dzuwa lisanafike pamutu. Nthawi ya mvula nsapato zinkalemera ndi matope. Lolemba ndilo linali tsiku lathu lochapa, ndipo ndine ndinaphunzitsa mnzangayo kufikisa kolala pamanja mpaka zala zake zinasupuka.

Ana akationa ankathamanga akukuwa kuti azungu, azungu, ngati kuti ine panalibe. Mu minibasi kondakitala ankamuika iye kutsogolo, ine kumbuyo pa matumba a makala. Koma tikangokhala pansi m'nyumba ya munthu, zinthu zinkatembenuka. Mnzangayo Chichewa chake chinkathera pa moni ndi pa chiganizo chimodzi chimene analoweza, choti akudziwa kuti zimenezi n'zoona. Zina zonse zinkadzera mwa ine. Iye akalankhula, maso a anthu ankabwera kwa ine. Anthu akayankha, maso ake ankabwera kwa ine. Ndisabise, zinkandikoma. Kunali koyamba m'moyo wanga kuti munthu wamkulu azidikira pakamwa panga.

Lamulungu lililonse madzulo tinkaimba foni kwa mtsogoleri wathu, yemwenso anali mnyamata ngati ife, kumuuza anthu amene taphunzitsa, amene abwera ku tchalitchi, ndi amene avomera ubatizo. Miyezi itatu inatha ife osabatiza munthu. Anzathu a ku Area 25 ankabatiza pafupipafupi. Mtsogoleriyo sankatikalipira. Ankangofunsa mofatsa ngati pali chimene angatithandize, ndipo funso limenelo linkandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Bambo amene ndikufuna kunena za iwo tinawadziwa chifukwa cha mvula. Inatipeza pa kanjira kena kuseri kwa msika, ndipo tinamva munthu akutiitana kuti tibisale pa khonde pake. Anali bambo okalamba, a magalasi okhuthala, atakhala pa mpando wa nsungwi ndodo ili pambali. Kwawo kunali ku Rumphi. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, namwino, amene ankachoka m'mawa n'kubwera kutada. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo mwendo wawo wakumanzere unali utafooka kotero kuti sankapita patali. Anali mkulu mu mpingo wa makolo awo, umene anabatizidwamo ali khanda.

Analowa m'nyumba akutsimphina n'kutuluka ndi fulasiki ya tiyi. Ndinachita manyazi powafotokozera kuti mpingo wathu sutilola tiyi. Anaseka mpaka kutsokomola, nati chikhulupiriro chokaniza munthu tiyi mvula ikugwa chiyenera kuti n'cholimba ndithu. Ulendo wotsatira tinapeza atatikonzera madzi otentha othira mkaka ndi shuga, ndi mbatata yophika. Kuyambira pamenepo tinkapita Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse.

Sanali ngati ena amene ankatilandira pofuna kumva ngati mzungu angawapezere njira ya kunja. Iwowa ankamvetsera. Ankatsegula buku lawo la malemba la Chitumbuka, lachikuto chong'ambika, n'kumatsatira ndi chala. Mafunso awo ankatitulutsa thukuta. Tsiku lina tinaphunzitsa zimene mpingo wathu umakhulupirira, zoti ukwati sutha ndi imfa, zoti mwamuna ndi mkazi angathe kudzakhalanso banja mpaka muyaya. Anayang'ana pabwalo, kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mpango. Mnzanga anandigunda pa bondo. Tinaphunzitsidwa kuti nthawi ngati imeneyo si yoitaya, choncho anandiuza kuti ndiwafunse ngati angalole kubatizidwa mu mpingo wathu. Ndinawafunsa.

"Ana anga," anatero, "ndimakondwa mukabwera, ndipo mawu a lerowa andikhudza. Koma ine ndinabatizidwa kale. Amayi anu tinawaika ndi nyimbo za mpingo wathu, inenso adzandiika ndi zomwezo. Muzibwera ndithu tizicheza, koma zosamuka ayi."

Mnzanga anandiyang'ana akudikira. Ndinamuuza m'Chingerezi kuti bambowa akuti mawu awakhudza kwambiri, ndipo akupempha nthawi yoti apemphere asanasankhe tsiku.

Ndayesa kwa zaka zambiri kudzifotokozera chifukwa chake ndinatero. Tinali ndi lamulo loti munthu akakana poyera tisamataye nthawi kwa iye, tizipita kwa ena. Ndinadziuza kuti ndikuteteza macheza athu, kuti bambowa asabwerere ku masiku awo okhala okha pakhonde. Mwina munali kachoonadi pang'ono mmenemo. Koma chimene chinali m'mutu mwanga panthawiyo, pakamwa pakutuluka mawu, chinali foni ya Lamulungu.

Bodza lija silinakhale limodzi. Lachisanu mnzanga anafunsa ngati apemphera, iwo anati amapemphera tsiku lililonse ndipo mtima wawo uli pamene unali. Ine ndinati akumva kuti yankho layandikira. Sabata yotsatira ananena nthabwala yoti nkhalamba ya mwendo umodzi mukaimiza m'madzi simungaivuulenso. Ine ndinati akudera nkhawa za mwendo pa tsiku la ubatizo, ndipo mnzanga anawatsimikizira kuti adzawagwira bwinobwino. Nthawi iliyonse ndikamamasulira, iwo ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinkaganiza kuti ndi mmene okalamba amayang'anira chilankhulo chimene sakuchimva.

Mnzanga anasala kudya tsiku lathunthu chifukwa cha iwo, ngakhale m'mimba mwake simunali bwino sabata imeneyo. Analembera amayi ake za iwo. Analemba tsiku ndi pensulo m'kabuku kathu ka ndondomeko, n'kuuza mtsogoleri. Pa msonkhano wa amishoni onse a mu mzinda anzathu anatigwira chanza, ena n'kumati mkulu wa mpingo wina si munthu wamba, tagwira ntchito. Ndinalandira chanza chilichonse ndikumwetulira. Ndinkadziuza kuti ndidzapeza njira, mwina ndidzanena kuti mwana wawo wakaniza.

Sindinadziwe kuti mnzangayo anali ndi zake. Anali atapempha mayi wina wa ku tchalitchi kuti amulembere chiganizo m'Chichewa, ndipo ankachiloweza m'bafa posamba kuti adzandidabwitse. Lachiwiri lina titangokhala pansi, makapu ali m'manja, anatsegula chikwama n'kutulutsa buluku loyera ndi malaya oyera, zovala zobatizira, kuti aone ngati zingawakwane. Anaziika pa katebulo. Kenako anawongoka, nalankhula pang'onopang'ono m'Chichewa chake chopindika: "Abambo, tikuthokoza kuti mwavomera. Kodi mwakonzeka kubatizidwa Loweruka likubwerali?"

Panalibe choti ndimasulire. Ndinayang'ana m'kapu.

Bambo aja anaika kapu yawo pansi, nakonza magalasi, n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Chinali Chingerezi chosalala, chodekha, cha aphunzitsi akale, choposa changa kutali. Anamuyamikira mnzanga chifukwa cha Chichewa chakecho. Anamuuza kuti iwo anaphunzitsa ku pulaimale zaka zoposa makumi atatu asanapume. Kenako anati: "Zikuoneka kuti sitinamvane, ndipo vuto ndi langa. Chichewa changa n'cha Mtumbuka. Mnzanuyu ndi wa kum'mwera, chiyenera kuti chinkamuvuta." Anabwereza zonse zimene ananena tsiku lija, za akazi awo, za nyimbo, zoti sasamuka, mawu ake omwewo, osasiyapo kanthu. Anapinda bwinobwino zovala zija n'kumubwezera ndi manja awiri.

Nkhope ya mnzanga inafiira. Anapepesa kangapo, kenako anafunsa chifukwa chake sanalankhule Chingerezi masiku onsewa.

"Munabwera ndi womasulira wanu," anayankha. "Sindikanamulanda ntchito."

Pamenepo m'pamene zinandifika zonse pamodzi: kuti anamva tsiku loyamba lija, anamva Lachisanu, anamva za mwendo, anamva bodza lililonse likutuluka pakamwa panga iwo ali pompo, mbatata yawo ili m'manja mwanga. Sanandiyang'ane n'komwe polankhula zimenezi. Potsanzikana anatiperekeza mpaka pa geti ndi ndodo yawo, ndipo mnzanga atatsogola anandigwira pa mkono n'kunena motsitsa m'Chichewa kuti, "Mwana wanga, Lachisanu ubwere. Usathawe." Ndinangoti zikomo, Abambo.

Pobwerera mnzanga ndiye ankandipepesa ine. Ankati ndisadziimbe mlandu, kalankhulidwe ka anthu a kumpoto kayenera kuti n'kovuta, wolakwa ndi iye amene anathamangira kulemba tsiku. Ndinamulola kunena zimenezo. Ndinamulola tsiku limenelo ndi lotsatira lake lonse. Lachinayi, tikudikira minibasi ya ku tauni pa siteji dzuwa likuswa mtengo, ndinamuuza kuti Chichewa cha bambo aja ndinkachimva bwinobwino, liwu lililonse, ndipo ndinamunamiza dala kuyambira pachiyambi.

Sanakalipe. Minibasi inabwera n'kupita, ife tili chiimire. Patapita nthawi anandifunsa funso limodzi lokha, loti ndi kwa anthu angati ena kumene ndinachita zimenezi. Ndinamuuza zoona, kuti kwina ndinkangofewetsa mawu anthu akamatitukwana, koma bodza lenileni linali limeneli lokha. Anagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira, ndipo analibe chifukwa chondikhulupirira.

Lamulungu mnzanga ndiye anagwira foni. Anauza mtsogoleri kuti ubatizo uja kulibe, sitinamvetse bwino zimene bambowo ankanena. Anati "sitinamvetse", ngati kuti tinalakwa tonse awiri. Kuyambira sabata imeneyo anayamba kuphunzira Chichewa mwakhama, kabuku kali m'thumba la malaya, kufunsa ana ndi ogulitsa pa msika. Pa maphunziro, ndikamasulira yankho la munthu, nthawi zina ankabwereza yekha funso m'Chichewa n'kumvetsera. Sankachita mondinyoza, koma ndinkadziwa chimene akuchita.

Kwa bambo aja tinapitabe, ngakhale lamulo linkati tisiye. Mnzanga ndiye anaumirira, tinkapita kamodzi pa sabata kwa kanthawi kochepa. Awiriwo ankacheza m'Chingerezi za ng'ombe, za mmene amalimira chimanga ku Amereka ndi ku Rumphi, za ana amene bambowo anaphunzitsa. Ine ndinkakhala pamphepete. Kapu yanga inkabwera ngati kale, ndipo ankandifunsa za amayi ku Ndirande. Ulendo uliwonse ndinkanyamuka kunyumba nditakonza mawu opepesa, ulendo uliwonse ndinkabwerera nawo. Ndinkati mnzanga ali pompo, si malo ake. Koma lamulo lathu silinkalola kuti tisiyane, choncho ndinkadziwa kuti malo akewo sadzapezeka, ndipo kudziwa zimenezo kunkandipeputsa mtima.

Patatha mwezi ndi theka anandisamutsira ku Area 23. Uthenga unabwera Loweruka, Lolemba ndinali nditalongedza. Sindinakatsanzike. Ndinamaliza zaka zanga ziwiri, ndinabatiza anthu angapo amene anavomera ndi pakamwa pawo, ndipo pobwerera kwathu anandilandira ku tchalitchi ngati munthu amene wagwira ntchito yabwino.

Tsopano ndimakhala ku Blantyre, ndili ndi banja, ndipo ntchito imandipititsa ku Lilongwe kawirikawiri. Kwa zaka zingapo ndinkadutsa pafupi ndi Kawale osakhota. Tsiku lina ndinatsika, n'kuyenda kuseri kwa msika mpaka pa geti lija. Ananditsegulira mayi wachilendo, mwana ali kumbuyo. Anati namwino uja anamusamutsira ku Mzuzu kalekale ndipo anapita ndi bambo ake. Ndinafunsa ngati akali moyo. Anati sakudziwa, iwo anangopeza nyumba ili yopanda anthu. Anandifunsa ngati ndine wachibale, ndinati ayi, ndinkangobwera kudzacheza nawo.