Usisita wa Anusa Hamadi

Anusa Hamadi anabadwa Lolemba pa 9 Malichi 1987, m'nyumba ya kuseri kwa sitolo ya nsalu ya bambo ake pa Namitete. Bambo akewo, Che Hamadi, anali Msilamu wosadumpha swala, wamalonda wa mawu ochepa. Pakhonde pa sitolo yawo pankakhala telala amene ankasokera mayunifolomu anamwino a kuchipatala cha mishoni, ndipo ndi pakhonde pomwepo pamene mtima wa Anusa unakodwa. Ana anzake akamasirira maswiti, iye ankasirira kawotchi kolendewera pachifuwa pa anamwino, kozondoka mutu pansi. Tsiku lina analimba mtima nafunsa chifukwa chimene kanazondokera. Namwinoyo anamugwira dzanja, nayika zala ziwiri pamkono, nati, "Kazondokera iwe, ine ndikukaona bwinobwino. Khala chete ndimve mtima wako." Anusa anathamangira m'sitolo akukuwa kuti mayi uja wamva mtima wake kudzera m'dzanja. Chaka chonsecho palibe wogula nsalu amene anatuluka m'sitolomo asanagwidwe pamkono.

Sukulu anaikoka bwino mpaka kukoleji ya unamwino, ndipo ntchito anayamba Lolemba pa 4 Okutobala 2010 pa chipatala chaching'ono ku Nsaru, ali ndi pepala loyamba la unamwino ndi uzamba. Kumeneko anakwatiwa ndi Ali, dalaivala wa lole yonyamula fodya, nabereka mwana wamkazi, Rahma. Chaka cha 2016 chinamulanda anthu awiri, mwamuna wake ndi mayi ake omubereka. Pa 1 Juni 2017 anabwerera kwawo kudzakhala ndi bambo ake, nalowa ntchito pa chipatala chomwe chija cha anamwino a mawotchi ozondoka. Amuna obwera ndi mawu a ukwati ankabwerera pachipata.

Anamuika m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, ndipo kumeneko anapeza kwawo. Kamwana kosaposa chimanga chachiwisi ankakamangirira pachifuwa cha mayi ake ndi chitenje, nakayang'anira ngati mphika wa mkaka. Kakakwera pasikelo, ngakhale pang'ono chabe, Anusa ankavina pakati pa mabedi, amayi otopa aja mpaka kuseka atagwira pamimba. Mabandeji ena atha, magetsi ena azima, anamwino awiri pa ntchito ya anthu asanu, koma m'mawa uliwonse ankalowa pakhomo akufunsa, "Agona bwanji akuluakulu anga?"

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya. Ophunzira amene iye anawagwira dzanja powaonetsa kamtsempha ka khanda ankapita kukatenga digiri, nabwerera atasanduka akuluakulu a wodi, aja m'chipatala amawatchula kuti Sisita. Kansanje kanalipo, n'kubisiranji. Koma chachikulu chinali china. Manja ake ankadziwa chochita mwana akasintha mtundu, koma mutu wake unkafuna kudziwa chifukwa chake, ndiponso ankafuna kuti mawu ake azimveka madokotala akamakambirana za ana akewo. Anapemphapo malo a maphunziro kangapo, kumukana. Bambo ake sanawauzeko, poopa manyazi a kulephera.

Mable, namwino mnzake wa pakamwa posatseka, ankamuseka. "Iwe Anusa, msana unathera kale pa mabediwa, ukufuna ukamalizire pa desiki? Ine sukulu ndinaisiya ndi mtendere, nayonso inandisiya ndi mtendere."

"Ukalamba ndi umbuli, mwali."

"Ndikalamba ndi mwamuna wanga. Opita kusukulu amabwera pa galimoto ya bungwe, atavala magalasi akuda, kudzatiphunzitsa kusamba m'manja."

Lolemba pa 14 Ogasiti 2023, akumwa tiyi kuseri kwa wodi, foni ya Anusa inalira. Anali a kukoleji ya ku Lilongwe. Malo apezeka, maphunziro a zaka ziwiri, ndipo yankho lake alifuna lisanadutse Lachisanu, apo ayi malowo apatsa wina. Kapu inagwa. Anusa analumpha ngati mwana wa sitandade wani, ndipo Mable yemwe uja, wodana ndi sukulu, ndiye anatulukira pabwalo ndi nthungululu. "Imvani nonse! Anusa wathu amutenga! Akukakhala Sisita!"

Pachipata panali Goodson wa kabaza, akudikira okwera. Goodson anamva, napalasa. Nkhani inadutsa pa wokazinga tchipisi, inapuma pa wometa tsitsi, ndipo pofika pa sitolo ya nsalu inali itamera mchira. Mwana wa Che Hamadi akukakhala sisitere. Pa Namitete mawu amenewo tanthauzo lake ndi limodzi: amayi aja a mpingo wa Katolika amene amasiya kwawo, osakwatiwa, nakhala kumishoni moyo wawo wonse. Anthu anayamba kulumikiza. Si uja amakana amuna? Si uja amatandala ndi asisitere kuchipatala? Nanga mpango woyera kumutu suli kale?

Anusa sankadziwa chilichonse cha izi. Anafika kunyumba dzuwa likupendeka, nkhuku ya chikondwerero ili m'khwapa, napeza sitolo yatsekedwa nthawi isanakwane. Bambo ake anali pa mpando pakhonde, atagwira chibwano.

"Ababa, ndabwera ndi nkhani yabwino!"

"Ndamva kale. Msika wonse wamva. Ine bambo wako kumvera kwa anyamata a njinga."

"Pepani, ababa, ndimafuna ndikuuzeni ndekha. Anditenga!"

"Akutenga." Che Hamadi anabwereza mawuwo ngati akulawa mankhwala owawa. "Unayamba liti kuzifuna zimenezi?"

"Kalekale. Ndapemphako kangapo, amangondikana."

"Kangapo! Tikudya m'mbale imodzi, iwe ukugogoda pa zitseko za anthu. Nanga Rahma?"

"Ndimati akhale ndi inu. Ine ndizikagonera komweko."

"Komweko. Mayi ako anachita mwayi kutsogola, asanazione izi. Tamvera, Anusa. Ndikadali ndi mpweya ine, ayi."

Analowa m'nyumba. Anusa anatsala chilili, nkhuku ikuphupha. Iye anamva kuti bambo ake akana sukulu. Sakanatha kupita popanda mawu awo, poti mwana akanatsala m'manja mwawo, komanso chibadwire sanapondepo msewu umene iwo anautseka. Lachiwiri ndi Lachitatu m'nyumbamo munali zii. Ku wodi kamwana kena kanakwera pasikelo, koma kuvina kunalibe.

"Ingopita," anatero Mable. "Adzakwiya, adzatopa."

"Suwadziwa ababa. Mawa ndiimba foni, malowo apatse wina."

Apa panali Lachinayi m'mawa, pa 17 Ogasiti. Mable anatuluka kukatenga mankhwala, koma anabwerera chimanjamanja, akupuma mwa befu. "Anusa! Bambo ako! Avala mkanjo woyera ndi chisoti chawo cha Lachisanu, ndipo alowera kunyumba ya asisitere!"

Anusa anasiyira Mable wodi, naliyatsa liwiro. Anawapeza pakhonde, ataimirira mowongoka ngati mlongoti, atakana mpando. Patsogolo pawo panali Sisitere Elizabeti, mayi wachikulire amene ankagula nsalu kwa Che Hamadi kuyambira Anusa ali kumsana.

"Amayi, ndabwera mwamtendere," ankatero Che Hamadi. "Takhalirana bwino. Maliro anu timabwera, athu mumabwera. Makatani a m'nyumba munomu ndinayeza ndine. Sindinanyozepo chipembedzo chanu, ndipo sindiyamba lero. Koma mwana ndili naye ndi mmodzi yemweyu. Ndibwezereni."

Sisitere Elizabeti anayang'ana bamboyo, nayang'ana Anusa amene anali atagwira mzati akupezera mpweya. "Tikubwezereni ndani, Che Hamadi? Tatenga ndani?"

"Uyu! Si mwamutenga kuti akhale sisitere?"

Kenaka mapewa a mayi wachikulireyo anayamba kugwedezeka. Anayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, koma phwete linatuluka, mpaka anakhala pa mpando uja anakana mlendo, misozi ili mbwembwembwe. "Mayo ine! Anusa, mwana iwe, unapempha liti? Ine bwanji sanandiuze?"

Apo m'pamene zinamutsegukira Anusa. Mawu onse a Lolemba lija anabwerera m'mutu mwake atatembenuka. "Ababa! Sisita! Sisita wa ku wodi, mkulu wa anamwino! Ndikupita kusukulu, kukatenga digiri!"

"Sukulu?"

"Sukulu, ababa. Ya mabuku."

"Nanga swala?"

"Mkeka wanga wopempherera ndinyamula."

Che Hamadi anavula chisoti, nachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, nachivalanso. "Nanga amene anatchula zinthu ziwiri dzina limodzi ndani?"

"Funso limenelo ndi la nzeru," anatero Sisitere Elizabeti akupukuta m'maso. "Khalani pansi, mumwe tiyi. Ndipo dziwani kuti ngakhale akanapempha, sitikanamutenga. Amavina kwambiri."

Tiyi anamwa, makapu awiri. Koma pobwerera, atafika pa mtengo wa mthethe wa m'mbali mwa msewu, mkuluyo anaima. Manyazi anali atatsika, ndipo pansi pake panaonekera china.

"Komabe ukupita," anatero. "Ndakhala pa sitolo paja ndikuona. Anamwino opita kusukulu sabwerera. Mzinda umawameza. Ndiye kusiyana kwake n'kotani? Uku akanakutenga asisitere, uku akutenga a Lilongwe."

Mawuwo anali oona, ndipo mayina a amene sanabwerere Anusa ankawadziwa.

"Ena sabwereradi, ababa. Za mawa mwini wake ndi Mulungu, sindingalumbire. Koma ine sindikufuna ofesi. Muli ana m'chipinda muja amene amandithera m'manja ine osadziwa chimene chalakwika. Ndimafika kunyumba n'kukuuzani kuti ndatopa, koma si kutopa. Ndikufuna ndikadziwe, ndibwere nazo konkuno. Mukati ayi, sindipita. Koma mukane chimene ndapempha, osati cha Goodson."

Che Hamadi anayang'ana msewu wa ku Lilongwe. Minibasi inadutsa, kondakitala akukuwa.

"Akufuna yankho liti?"

"Mawa."

"Mawa ndi tsiku la mzikiti, sindifuna zothamangathamanga. Imba pompano."

Anusa anatulutsa foni, naimba. Atangoti, "Ndine Anusa Hamadi, ndavomera, ndibwera," foni inachoka m'manja mwake.

"Haloo! Muli bwanji kumeneko? Ndine bambo wake. Ndimati ndimve kuchokera kwa inu eni ake. Usisita umene mukamupatse mwana wangayu ndi uti? Wa jakisoni, eti? Wokwatiwa akafuna? Chabwino. Zikomo kwambiri. Mumusunge bwino, sadya nkhumba."

Anabweza foni, nakonza mkanjo. Anusa anali atakhala pansi pa fumbi, yunifolomu yoyera ndi yonse, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Masana omwewo sitolo inatsegulidwa, ndipo aliyense wolowamo, ngakhale wofuna singano imodzi, anatuluka ataphunzitsidwa kusiyana kwa mawu awiriwo. Goodson anasintha njira, akumazungulira kuseri kwa msika.

Anusa ananyamuka Lamulungu pa 3 Sepitembala 2023. Pa siteji panadzaza. Mable anabwera ndi mbatata yootcha, akulumbira kuti chaka chamawa naye apempha malo, "osati chifukwa cha sukulu, koma kuti usadzandilamulire." Rahma anagwira dzanja la agogo ake. Goodson ndiye anabweretsa sutikesi pa njinga, maso ali pansi, ndipo Che Hamadi anamuyang'anitsitsa mpaka katundu atatsika.

Anusa atakhala pa windo la minibasi, mkuluyo anakoka kondakitala pa malaya.

"Iwe, ameneyo umutsitse bwino, ndi mwana wanga. Akukakhala Sisita." Anatembenukira kwa wa kabaza uja, nakweza mawu kuti siteji yonse imve. "Sisita, Goodson! Watsuka m'makutu lero? Tanena, timve!"

"Sisita, bwana," anatero Goodson, ndipo minibasi inanyamuka anthu ali m'kati moseka.